Mafunso ndi mayankho pa ma presentation a za mapurosesa, kalasi yathu ya pa Kasungu boma

Ndatopa nkuyankha mafunso omwewomwewo pa foni, wina 10 koloko usiku wina mmamawa nkhuku zisanatsike ati pepani aphunzitsi ndakudzutsani, nde ndaona kuti bola ndingowalemba onse pamodzi pano. Izi ndi za inu a kalasi ya kompyuta amene mukuyimirira kutsogolo mwezi uno kufotokoza mmene kompyuta inamangidwira mkati komanso za mapurosesa. Mafunso ena munafunsa ndinu, ena anafunsa anzanu a chaka chatha, awiri atatu ndadzifunsa ndekha chifukwa ndikudziwa kuti ali mumtima koma mukuopa kusekedwa. Paja safunsa anadya phula.

Aphunzitsi, computer architecture yo kwenikweni ndi chani? Ife tikamva architecture timaganiza za mapulani a nyumba.

Simunaphonye kwambiri. Pulani ya nyumba imanena kuti chipinda chili apa, khitchini apa, khomo lotulukira uku. Ya kompyuta nayo imanena zigawo zake ndi mmene zimatumizirana zinthu: purosesa yomwe imawerengera ndi kulamula, memory yosunga zomwe zikugwiridwa panthawiyo, zolowetsera ndi zotulutsira ngati kiyibodi ndi sikirini, ndi timisewu ta mawaya totchedwa bus tolumikiza zonsezi.

Pulani yomwe makompyuta ambiri amatsata mpaka lero imadziwika ndi dzina la John von Neumann, amene anailemba mu 1945. Mfundo yake yaikulu inali yakuti pulogalamu ndi data zikhale mu memory imodzi. Lero zikumveka ngati za ziii koma nthawi imeneyo inali nkhani, chifukwa ENIAC, chikompyuta cha ku University of Pennsylvania chomwe chinali ndi ma vacuum tube, timababu togwira ntchito ngati maswitchi a magetsi, pafupifupi 18,000 ndipo chinkalemera matani pafupifupi 30, ukafuna kuti chigwire ntchito ina unkayenera kuzula mawaya nkuwalumikizanso mwina, ntchito yotha masiku.

Mawu omwewa alinso ndi tanthauzo lachiwiri ndipo apa ndi pomwe ambiri mumasokonekera. Munthu akati foni iyi ndi ya ARM, laputopu iyi ndi ya x86, akunena chilankhulo chimene purosesayo imamva, mndandanda wa malamulo omwe imawadziwa. Ndiye mukayimirira kutsogolo nenani msanga kuti mukukamba za pulani ya zigawo kapena za chilankhulo, tisamakutsatireni mumdima.

Tiyankhule Chizungu kapena Chichewa?

Ma slide lembani mChizungu chifukwa mayeso akubwera mChizungu ndipo mawu ngati register kapena cache muyenera kuwazolowera momwemo. Koma pofotokoza sakanizani, ndipo pena pake ndikuyimitsani dala kuti munene mChichewa chokhachokha.

Chifukwa chake ndi ichi. Chaka chatha mnyamata wina anayimirira atavala tayi, Chizungu chochita kutuluka mmphuno, fetch decode execute, fetch decode execute, kalasi yonse kuwomba mmanja. Ndinangomuuza kuti achimwene, tayerekezani kuti agogo anu abwera kuchokera ku Chamama akhala apa pa benchi, auzeni zimenezo. Anayang'ana denga, anayang'ana sikirini, anakonza tayi, zii. Anali ataloweza ngati ndakatulo ya pa asembule. Mtsikana wa gulu lomwelo amene tsiku lonse anangogwira laputopu osayankhula ndi amene anawapulumutsa, anati purosesa ili ngati mwana amene mayi ake amusiyira kope la ntchito atapita kumunda. Amaloza chala pa mzere woyamba nkuutenga, kumeneko ndi fetch. Amauwerenga kuti amve akufuna chani, kutunga madzi kapena kutsuka mbale, decode imeneyo. Kenako amachita, execute. Akatha chala chija chimatsikira mzere wotsatira, ndipo chalacho ndiye program counter. Ndinafunsa kuti nanga mzere wina ukati kukagwa mvula dumpha upite pa mzere wa 9 ukaanule ufa? Anayankha osaganiza kawiri kuti chala chidumpha basi, ndiyo branch. Malikisi a gulu lonse anachokera kwa iyeyo.

Munthu amene sangathe kuchinena mchilankhulo chomwe amalota nacho ndiye kuti sanachimve, ine ndimaona choncho ndipo simundisintha.

Mphindi zingati, ma slide angati?

Mphindi 10 zoyankhula, 5 za mafunso. Ma slide asapitirire 8. Slide yodzaza ndi mawu ngati nyuzipepala ndimaidumpha.

Mutu wophweka ndi uti?

Aliyense amathamangira mbiri, ma generation a kompyuta, chifukwa ndi kungondandalika zaka: transistor (kaswitchi kakang'ono ka magetsi komwe kanalowa m'malo mwa vacuum tube) 1947 ku Bell Labs, Intel 4004 mu 1971, IBM PC mu 1981, basi nkukhala pansi. Mutu umenewu ndilola gulu limodzi lokha, ndipo gululo lisangotiuza zaka, litiuze chifukwa chake chinthucho chinali chofunika. Mwachitsanzo 4004 ija inali ndi ma transistor 2,300 okha, inkathamanga pa 740 kHz, ndipo sanaipangire kompyuta ayi, anaipangira kakyuleta ya kampani ya ku Japan yotchedwa Busicom. Pamenepo ndiye pali nkhani, osati kungotchula chaka.

Koma mukandifunsa ine, mutu wabwino uli mthumba mwanumo. Tulutsani foni, ikani ka app kotchedwa CPU-Z, muone chomwe chili mkati. Ambiri muli ndi itel, Tecno kapena Infinix, ndipo mupeza kuti purosesa yake nthawi zambiri ndi ya MediaTek ya ku Taiwan kapena Unisoc ya ku China, ena a Samsung ndi Redmi mupeza Snapdragon ya Qualcomm. Lembani dzina lake, ma core (timapurosesa tating'ono ta mkati mwa chipu chimodzi) angati, liwiro lake, RAM (memory ija yosunga zomwe zikugwiridwa panthawiyo) yochuluka bwanji, kenako fananizani mafoni atatu a mgulu lanu nkutiuza chifukwa chake ya uyu imazizira akatsegula Facebook ndi WhatsApp nthawi imodzi pomwe ya uyo sizizira. Fodya ndi uyu ali pamphuno. Za ma supercomputer a ku America omwe simunawaonepo zisiyeni kaye.

Kodi GHz ikakhala yaikulu ndiye kuti kompyutayo ndi yothamanga?

Ayi, osati nthawi zonse, ndipo funso limeneli ndidzafunsa gulu lililonse nde konzekani.

GHz ikunena kugunda kwa wotchi ya mkati mwa purosesa. 3 GHz ndiye kuti ikugunda ka 3 biliyoni pa sekondi imodzi. Tsono pitani pa depoti muyang'ane akabaza awiri. Wina akupalasa mwachangu miyendo ngati makina koma njinga ili pa giya yopepuka, wina akupalasa mofatsa koma kupalasa kumodzi njinga yayenda mtunda. Afike msanga ku chipatala ndani? Sungadziwe pongowerenga miyendo. Purosesa nayonso zimatengera kuti pa kugunda kumodzi imamaliza malamulo angati, chomwe amati IPC, komanso kuti ikudikira memory nthawi yaitali bwanji.

Kale makampani ankapikisana pa nambala imeneyi basi. Pentium 4 ya Intel inakafika 3.8 GHz, koma walira mvula walira matope, liwiro likamakwera magetsi amadyeka ambiri ndipo kutentha kumakwera koopsa, mpaka anaona kuti njira imeneyi yafika pakhoma. Cha mu 2005 Intel ndi AMD onse anayamba kuika ma core awiri mu chipu chimodzi cha makompyuta wamba, ndipo Core 2 Duo ya 2006 inkaposa Pentium 4 ngakhale GHz yake inali yocheperapo. Ukafuna kuona kuti liwiro limeneli ndi lamisala bwanji, kuwala kumayenda masentimita pafupifupi 30 pa nanosecond imodzi, rula ya ku pulayimale ija, ndiye pa 3 GHz kugunda kumodzi kuwala kwangoyenda masentimita 10 okha. Mfundo imeneyi ukainena bwino ndi rula mmanja kalasi imakhala chete.

Cache imandisokoneza. RAM ilipo kale, nanga cache ndi yachani?

Taganizani mayi akuphika nsima. Ufa womwe watapidwa uli mmanja ukulowa mumphika, amenewo ndi ma register, ochepetsetsa koma ali pompo. Beseni la ufa lomwe aika pambali pa mafuwa, kungotambasula dzanja, ndiyo cache. Thumba la ufa lili kuchipinda, mpaka adzuke apukute mmanja akatape, RAM imeneyo. Chimanga chili munkhokwe panja chofunika kutonola, kukonola ndi kupita nacho kuchigayo, ndiye hard disk kapena SSD. Mukapita kunkhokwe mupeza zambiri koma nsima ipserera mukudikira.

Purosesa imathamanga kwambiri kuposa RAM, vuto lonse lagona pamenepo. Cache yoyamba, L1, imayankha mkati mwa kugunda 4 kapena 5, pomwe kupita ku RAM kumatha kudya kugunda 200 kapena kuposa. L1 imakhala yaing'ono zedi, kawirikawiri 32 KB ya data pa core imodzi, kenako L2 yokulirapo koma yochedwerapo, kenako L3 yomwe ma core amagawana. Chomwe chimapangitsa kuti kabeseni kakang'onoka kathandize ndi khalidwe la mapulogalamu: chomwe wagwiritsa ntchito pano uchifunanso posachedwa, ndipo chomwe chayandikana nacho mwina ndicho chotsatira. Ukapeza chomwe ukufuna mbeseni amati hit, ukapeza mulibe nkudzuka kupita kuchipinda amati miss.

Chonde musasokoneze ndi cache ija mumafufuta mu foni ikadzaza. Dzina ndi limodzi, ganizo lake ndi lofanana, koma ija ndi mafayilo a ma app omwe ali mu storage, ya purosesa simungaifufute ndi chala. Gulu lina linataya mphindi 6 zathunthu likutiphunzitsa kufufuta cache ya WhatsApp.

Pipeline tiifotokoze bwanji kuti anthu asagone?

Inu ndi ana a ku Kasungu, nyengo ya fodya mumaidziwa. Palibe mlimi amene amathyola tsamba limodzi, kulisoka, kulipachika mchigafa, kudikira liume, kulisankha, kulidinda mu belo, kenako nkubwerera kumunda kukathyola lachiwiri. Akatero ku Chinkhoma adzafika msika utatsekedwa. Zimachitika nthawi imodzi, ena ali kumunda akuthyola, amayi akusoka wa dzulo, wa masabata apitawo akuuma, woyamba uja akusankhidwa. Tsamba lililonse limatengabe nthawi yomweyo kuti lifike mu belo, sikuti lafulumira, koma mabelo amatuluka motsatizana chifukwa palibe dzanja lomwe langokhala.

Mu purosesa ndi chimodzimodzi. Ya mmabuku ija ili ndi masitepe 5: kutenga lamulo, kulimasulira, kulichita, kupita ku memory, kulemba yankho. Lamulo loyamba likafika pa sitepe yachiwiri, lachiwiri lalowa kale pa yoyamba.

Koma malikisi enieni ali pa zomwe zimasokoneza mzerewu, ma hazard. Jeke yodindira ndi imodzi koma anthu awiri akuifuna nthawi imodzi, wina adikire. Wosankha wakhala pansi manja lende chifukwa fodya sanaume, akudikira zotsatira za mnzake. Ndiye pali vuto la branch lija, purosesa sikudziwa kuti chala chidumphira kuti mpaka yankho lituluke, koma kuima siingafune, nde imangolosera. Zili ngati wachiwaya amene waona kasitomala wake wa tsiku ndi tsiku akubwera chapatali nkuyambiratu kumutenthetsera chipisi asanaitanitse. Akalosera bwino kasitomala sadikira. Akaphonya, munthu uja lero akufuna nyama yokha, ntchito ija yapita pachabe ayambirenso. Mapurosesa amasiku ano amalosera bwino modabwitsa, koma mu January 2018 kunatuluka nkhani ya Spectre ndi Meltdown, pomwe akatswiri anaonetsa kuti ntchito yotayidwa ija imasiya zizindikiro mu cache zomwe munthu wochenjera atha kuziwerenga nkuba zinsinsi. Chipisi wachotsedwa pachiwaya koma fungo latsala. Gulu lomwe lingafike mpaka pamenepa ndilipatsa ulemu.

Foni yanga analemba octa-core. Ndiye kuti ikuthamanga ka 8 kuposa ya core imodzi?

Ikadakhala choncho bwenzi tonse tikusangalala. Lembani aganyu 8 akumbe mtedza, mundawo utha msanga zedi, koma ngati ngolo yotutira ndi imodzi ndipo ng'ombe zake ndi zomwezo, mtedza ufika kunyumba pa liwiro la ngolo. Pa ntchito iliyonse pali gawo logawika ndi gawo losagawika. Gene Amdahl ananena zimenezi mu 1967. Tiyeni tiwerengere: ngati gawo limodzi mwa magawo 5 a ntchito siligawika, ma core 8 akupatsani liwiro la ka 3.3 basi, ndipo olo muike ma core 1,000 simudzapitirira ka 5. Werengerani nokha pa bolodi, musakopere yankho langali, ndidzasintha manambala.

Komanso ma core 8 a mu foni safanana mphamvu. Mwachitsanzo Helio G85 ya MediaTek ili ndi awiri amphamvu, Cortex-A75, ndi 6 ang'onoang'ono osadya batire, Cortex-A55. Mukamangowerenga mauthenga akugwira ndi ang'onowo, mukatsegula gemu akuluakulu aja amadzuka, foni nkuyamba kutentha mmanja.

RISC ndi CISC, yabwino ndi iti? Tikufuna tipange ngati debate.

Pangani, koma musamalize ndi wopambana, chifukwa nkhondoyo inatha mosadziwika bwino. CISC, monga x86 yomwe inayamba ndi Intel 8086 mu 1978, ili ndi malamulo ambiri, ena aatali ena aafupi, lamulo limodzi lotha kugwira ntchito zingapo. RISC inabwera ndi ganizo lakuti malamulo akhale osavuta ndi ofanana msinkhu kuti pipeline iziyenda myaa. David Patterson ku Berkeley ndi John Hennessy ku Stanford ndi amene anaikankha kumayambiriro kwa zaka za mma 1980, ndipo analandira Turing Award ya 2017 chifukwa cha ntchito imeneyo. ARM yoyamba inapangidwa mu 1985 ku kampani ya Acorn ku Cambridge, ndi Sophie Wilson ndi Steve Furber. Asungwana a mkalasi muno dzina loyambalo mulisunge.

Chosangalatsa nchakuti kuyambira pa Pentium Pro mu 1995, mapurosesa a Intel amalandira malamulo a CISC pakhomo koma mkati amawaphwanya kukhala tizidutswa tosavuta tofanana ndi ta RISC. Ndipo ARM yomwe tinkaiona ngati ya mafoni okha, Apple inaiika mu malaputopu ake ndi chipu cha M1 mu November 2020. Chinanso choti munene: kampani ya ARM siipanga machipu ogulitsa mmafoni athuwa, imagulitsa pulani ndi chilolezo, MediaTek, Qualcomm, Samsung ndi Apple nkumangapo zawo.

32-bit ndi 64-bit?

Purosesa ya 32-bit imatha kuloza malo a mu memory okwana 2 kuchulukitsa yokha ka 32, omwe ndi 4 GB, nchifukwa chake Windows ya 32-bit siiona RAM yoposa pamenepo olo muwonjezere. Ya 64-bit ya x86 anayambitsa ndi AMD mu 2003, Intel inachita kutsatira. Slide imodzi yakwana.

Moore's Law ndi lamulo lenileni? Nanga ma nanometer aja ndi chani?

Si lamulo ngati la gravity, palibe chomwe chimakakamiza. Gordon Moore anangoona mu 1965 kuti chiwerengero cha tizipangizo pa chipu chikuwirikiza kawiri chaka chilichonse, mu 1975 nkukonza kuti zaka ziwiri zilizonse, makampani nkuchitenga ngati chandamale chawo. Ikani manambala awiri pa slide imodzi: 4004, ma transistor 2,300. M1, 16 biliyoni. Musawonjezere mawu, anthu aone okha.

Nanometer ndi gawo limodzi mwa magawo biliyoni a mita, tsitsi limodzi kunenepa kwake ndi ma nanometer masauzande makumimakumi. Koma chenjerani, masiku ano akati 5 nm kapena 3 nm ndi dzina chabe la mbadwo wa kapangidwe, sikuti pali kachinthu komwe mungakayeze nkupeza 5 nm ndendende. Mukanena kuti transistor ndi yaitali 5 nm ndikufunsani kuti munayeza mbali iti.

Machipu amapangidwa ndi mchenga eti? Ndiye bwanji ku Malawi kuno sitipanga, mchenga uli mbwee mu Bua ndi Dwangwa?

Funso limeneli limabwera chaka chilichonse ndipo ndimalikonda. Inde silicon imachokera ku quartz, zomwe zili mumchenga. Koma kuchoka pamenepo kufika pa chipu ndi ulendo: kuiyeretsa mpaka pasatsale kachitsotso, kuiumba, kuidula timabwalo topyapyala, kenako kujambulapo ndi kuwala kambirimbiri mchipinda chomwe kafumbi kamodzi kangaononge ntchito. Fakitale imodzi imadya mabiliyoni a madola, imafuna magetsi osaphethira ndi madzi oyera ochuluka. Si ife tokha amene tilibe, mayiko ambiri olemera nawonso alibe. Machipu apamwamba kwambiri ambiri amapangidwa ndi TSMC ku Taiwan, ena Samsung ku South Korea ndi Intel, ndipo makina a EUV ojambulira aja amapanga ndi kampani imodzi yokha padziko lonse, ASML ya ku Netherlands.

Koma kupanga ndi kwina, kujambula pulani ndi kwina. RISC-V, yomwe inayamba ku Berkeley mu 2010, ndi chilankhulo cha purosesa chomwe aliyense angagwiritse ntchito osalipira chilolezo. Munthu wokhala ndi laputopu ndi mutu wake atha kulemba pulani ya ka purosesa kakang'ono nkukayesa pa simulator ali ku Mtunthama konkuno. Amene mukulota zopita ku MUST, MUBAS, UNIMA kapena Mzuni, khomo lake ndi limeneli.

Achimwene anga akufuna kundigulira laputopu yakale, wogulitsa akuti ndi i7. Nditenge?

Izi sizili pa silabasi koma zingakhale presentation yabwino kuposa zambiri. Musamve i7, dzina la gulu la mapurosesa a Intel, nkukomoka. Funsani nambala yonse. i7-3520M ndi ya mbadwo wachitatu, ya 2012, ma core awiri. i5-8250U ndi ya mbadwo wa 8, ya 2017, ma core 4, ndipo imaisiya i7 ija kutali. Nambala yoyamba pambuyo pa kamzere ndiyo ikukuuzani mbadwo pa mapurosesa a zaka zimenezo. Windows 11 mwalamulo imafuna Intel ya mbadwo wa 8 kupita mtsogolo, kupatula ochepa chabe, ndipo Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 mwa nthawi zonse pa 14 October 2025. Ine ndinagwapo mu dzenje limeneli pa shopu ina ku Lilongwe, sitika ya i7 yonyezimira pamwamba, nditafika kunyumba Task Manager ikundiuza zina. Yatsani pomwepo, tsegulani Task Manager, onani pa CPU musanatulutse ndalama. Ndipo ngati ili ndi hard disk yozungulira, kuikamo SSD kuisintha kwambiri kuposa kuthamangira purosesa ina.

Ndilibe laputopu, ndipo magetsi akazima tsikulo titani?

Presentation ipitirira. Pulojekita ndi mlendo, choko ndi bolodi ndiwo eni nyumba. Gulu lililonse libwere ndi pepala lalikulu lomwe mwajambulapo chithunzi chanu chachikulu ndi maka, ndipo aliyense athe kuchijambula pa bolodi osaonera. Kunena zoona ena amachita bwino magetsi akazima chifukwa alibe poonera. Opanda laputopu, labu imakhala yotsegula masana, lembetsani dzina. Fayilo ikani pa fulashi komanso dzitumizireni pa foni, ndipo fulashi yanu ndiyamba ndaisikana, za ma virus omwe amasandutsa mafoda kukhala ma shortcut ndinakhuta nazo.

Tingagwiritse ntchito intaneti kapena ChatGPT?

Gwiritsani, bandulo ndi yanu. Koma chilichonse chili pa slide yanu ndi mlandu wanu, ndiloza mawu alionse nkufunsa tanthauzo. Mukalemba superscalar muyembekezere kundiuza kuti ndi purosesa yotha kuyambitsa malamulo oposa limodzi pa kugunda kumodzi, mukalephera ndichotsa malikisi awiri osati amodzi, chifukwa mwatiwerengera chinthu chomwe inuyo simukuchidziwa. Manambala atsimikizeni pa tsamba la kampani yomwe inapanga chipucho, makina oyankha aja nthawi zina amanama ndi nkhope yowongoka. Ndipo ma slide otsitsa athunthu ndimawadziwa, ena mumaiwala ngakhale kuchotsa dzina la koleji ya ku India pansi pake.

Mnzathu wina sabwera ku zokonzekera koma akufuna dzina lake lilembedwe.

Lembani dzinalo. Mafunso ndidzayambira iyeyo.

Ndimachita mantha kutsogolo, mawu amanjenjemera. Ndipo akandifunsa zomwe sindikudziwa?

Gwirani chinthu mmanja. Mu labu muli bokosi la zakufa, ma motherboard, ma RAM, mapurosesa akale a mapini opindika, tengani chimodzi. Munthu ukanyamula purosesa nkunena kuti kachitsulo aka kapamwamba si purosesa ayi ndi chivindikiro chomwaza kutentha, chipu chenicheni chili pansi pake chaching'ono ngati chikhadabo, maso onse amapita pa dzanja lako osati pankhope, mantha amachepa okha. Yendetsani mkalasi anthu akagwire. Muli Arduino Uno imodzi yamoyo, kabolodi kakang'ono kophunzirirapo za kompyuta, purosesa yake ATmega328P, 16 MHz, RAM 2 KB yokha, ndipo pulogalamu ndi data zimakhala mu memory zosiyana, zomwe amati Harvard architecture, nde gulu lofananiza Harvard ndi von Neumann libwere liibwereke, koma muyambe mwasaina.

Funso likakukanikani nenani kuti sindikudziwa koma ndikuganiza kuti mwina ndi chonchi chifukwa cha ichi. Pamenepo malikisi alipo. Chomwe sindifuna ndi kuzungulira ndi Chizungu chambiri kuti nthawi ithe. Ndipo inu omvera, funso lofuna kugwetsa mnzanu kuti muoneke anzeru ndilibweza kwa inu nomwe.

Tivale chani?

Zochapa. Tayi sayankha mafunso.

Ife timachokera kutali, ku Santhe ndi ku Chatoloma, minibasi zimachedwa. Tingayambe mochedwerapo?

Magulu a kutali ndawaika kumapeto, cha mma 11 koloko, a mtauni muno ndi amene ayambe 8 koloko. Koma fayilo yanu ifike kwa ine dzulo lake madzulo isanakwane 6, kuti minibasi ikafera pa msewu wa M1 mnzanu amene wafika ayambe yekha. Amene mukubwereka zinthu za mu bokosi lija bwezani tsiku lomwelo, chaka chatha RAM imodzi yakufa inasowa ndipo ndikudziwa kuti wina anakaiyesa mu kompyuta ya kwawo.